Caffeine akachuluka m'thupi: zimene achipatala amayang'ana m'magazi

Caffeine ndi chija chimathamangitsa tulo munthu akamwa khofi kapena tiyi. Amapezekanso m'zakumwa zopatsa mphamvu, m'mapiritsi oletsa kugona, m'maufa amene ochita masewera olimbitsa thupi amasungunula m'madzi, komanso m'mankhwala ena a mutu. Bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, limati munthu wamkulu wathanzi akhoza kumwa mpaka mamiligalamu 400 patsiku osavutika. Kapu imodzi ya khofi imakhala ndi mamiligalamu pakati pa 80 ndi 100. Amayi oyembekezera amalangizidwa kuti asapyole 200.

Khofi wa m'kapu sagonetsa munthu m'chipatala kawirikawiri. Choopsa kwambiri ndi mapiritsi ndi ufa wa caffeine wosasakaniza ndi kanthu. Supuni yaing'ono imodzi ya ufawu imafanana ndi makapu a khofi pafupifupi 28, ndipo palibe amene angayeze bwino mlingo wake ndi supuni ya kukhitchini. Bungwe lomwelo limati munthu akamwa mamiligalamu pafupifupi 1,200 nthawi imodzi akhoza kuyamba kuphupha ngati wa khunyu.

Zizindikiro

Caffeine amalowa m'magazi msanga, ndipo pakatha mphindi 30 mpaka 60 amakhala atafika pachimake. Munthu amene wamwa wochuluka kwambiri amayamba kusanza, nthawi zambiri mosalekeza. Manja amanjenjemera, mtima umathamanga kapena kudumphadumpha, amapuma mofulumira, sakhazikika. Zikafika poipa amabalalika maganizo, amaphupha, magazi amayenda mofooka, ndipo mtima ukhoza kuima. Musadikire kuti zithe zokha. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musamusanzitse dala.

Akafika kuchipatala

Namwino amamata timawaya pachifuwa kuti makina a ECG ajambule kagundidwe ka mtima, amabaya chala kuti aone shuga, kenako amatenga magazi pamkono n'kuwathira m'timabotolo tingapo. Ambiri amaganiza kuti magaziwo akupita kukayezedwa caffeine basi. Ayi ndithu. Zimene dokotala amafuna kuona mwachangu ndi zimene caffeine wawononga.

Choyamba ndi potaziyamu, mchere umene umathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Caffeine wambiri amachititsa thupi kutulutsa adrenaline wochuluka (uja amathamangitsa mtima munthu akachita mantha), ndipo zimenezi zimakankhira potaziyamu m'kati mwa maselo, moti m'magazi amatsala wochepa. Kusanza kumawonjezera vutoli. Potaziyamu akatsika, mtima umene ukuthamanga kale umasokonekera mosavuta. Pomubwezeretsa madokotala amachita pang'onopang'ono n'kumayeza mobwerezabwereza, poti wambiri sanatayike, wangobisala m'maselo, ndipo poizoni akamatha amabwerera m'magazi. Ichi n'chifukwa chake wodwala amabayidwa kangapo usiku umodzi. Si nkhanza, komanso sizitanthauza kuti zotsatira zoyamba zatayika.

Amayang'ananso shuga, yemwe nthawi zambiri amakwera ngakhale munthuyo alibe matenda a shuga, komanso lactate ndi kuchuluka kwa asidi m'magazi, zomwe zimasonyeza mmene thupi lapanikizikira. Ngati munthu wanjenjemera kwambiri kapena waphupha, minofu imatha kuwonongeka n'kutayira zinthu zimene zimatseka impso, choncho amayeza CK, yomwe imasonyeza kuwonongeka kwa minofu, ndi creatinine, yomwe imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito.

Pali kuyeza kwina kumene sikuyenera kuiwalika. Mapiritsi ambiri a mutu amaphatikiza caffeine ndi paracetamol kapena aspirin. Paracetamol wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, munthu akuoneka ngati wachira. Mlingo wake m'magazi umawerengeka bwino pakatha maola 4 chimwereni, ndipo mankhwala ake oteteza chiwindi alipo, bola ayambidwe msanga.

Nanga caffeine weniweniyo?

Amayezeka, koma si labotale iliyonse imene ili ndi makina ake, ndipo magazi akatumizidwa kwina zotsatira zimatha kubwera wodwala atatuluka kale. Zipatala zosamalira ana obadwa masiku asanakwane ndizo nthawi zina zimakhala ndi njira yoyezera, chifukwa anawa amapatsidwa caffeine ngati mankhwala owathandiza kupuma. Kuyeza mkodzo kumene amafufuzira mankhwala osokoneza bongo sikuonetsa caffeine.

Zotsatira zikapezeka zimawerengedwa m'mamiligalamu pa lita imodzi ya magazi. Womwa khofi mwachizolowezi amakhala ndi ochepa chabe. Kupyola 15 zizindikiro za poizoni zimayamba kuonekera, ndipo kupyola 80 moyo uli pachiswe. Komabe nambala payokha sinena zonse. Magazi otengedwa msanga akhoza kuonetsa mlingo wotsika pomwe mapiritsi akadali kusungunuka m'mimba. Matupi nawonso amasiyana. Mwa munthu wamkulu wathanzi chiwindi chimachotsa theka la caffeine m'maola pafupifupi 5, koma chimachedwa kwambiri mwa amayi oyembekezera, makanda, odwala chiwindi, ndi amene akumwa mapiritsi olera, ciprofloxacin (mankhwala opha mabakiteriya) kapena fluvoxamine (mankhwala a matenda a maganizo). Dokotala wodziwa ntchito sakhala manja lende kudikira pepala la ku labotale, amathandiza munthu malinga ndi mmene akumuonera.

Apa m'pamene inu operekeza wodwala mumafunika kwambiri. Tengani paketi, botolo kapena chitini cha zimene wamwa, ngakhale chikhale chopanda kanthu. Nenani nthawi imene wamwa, kuchuluka kwake, ngati anaphatikiza ndi mowa, ndiponso mankhwala ena amene amamwa masiku onse. Musabise kanthu chifukwa cha manyazi. Paketi yokhala ndi mabowo 20 opanda mapiritsi imauza dokotala zambiri m'mphindi imodzi kuposa makina amene ayankhe mawa.

Chithandizo

Mankhwala ophera caffeine mwachindunji kulibe. Munthu akafika msanga ndipo ali maso, angamumwetse makala apadera a kuchipatala amene amagwira poizoni m'mimba (makala ophikira sagwira ntchito imeneyi, musayese). Amamuika dripi, kumupatsa mankhwala oletsa kusanza, ena monga diazepam oletsa kuphupha, ndi ena monga esmolol kapena propranolol ochepetsa liwiro la mtima. Zikakanika, kapena mlingo ukakhala wokwera kwambiri, amamulumikiza ku makina osefa magazi a dialysis, omwe amachotsa caffeine bwino ndithu.

Wodwala amasungidwa mpaka mtima utakhazikika ndipo potaziyamu atabwerera m'malo. Ngati anamwa dala pofuna kudzivulaza, auzeni achipatala pachiyambi pomwe, musamusiye yekha, ndipo pemphani kuti aonane ndi mlangizi wa za maganizo asanatuluke.