Nkhondo ikatha, nkhanza sizipita nayo

Muno mu Lusaka timakonda kunena kuti akasainirana mtendere basi zatha, ndipo mwamuna akamenya mkazi wake ku Kanyama kapena ku Matero timati ndi za m'nyumba, ndale zilowapo bwanji. Ayi anzanga. Mu 1994 boma la Angola ndi gulu la UNITA limene linali kumenyana nalo anasainira mtendere muno muno, mu 1999 a nkhondo ya ku Congo nawonso anasainira kuno, koma pepala limangoletsa magulu kuomberana, silichotsa mfuti pansi pa bedi.

Taganizani mnyamata amene anamutenga kupita naye kunkhondo ali wamng'ono, zaka zonse waphunzira kuti wamfuti ndiye amalamula, manje wabwera kumudzi alibe ntchito, tulo sagona, kachasu ndiye mankhwala, ndipo apeza mkazi amene anagwira banja yekha nkhondo yonse, akugulitsa pa msika, ndalama ali nazo ndi iye. Mkwiyo uja ukupita kuti? Apolisi ndi makhoti nawo amakhala atafooka, wogwirira akuyenda mfulu pamsewu, ena onse akuona.

Ku Liberia nkhondo inatha mu 2003 koma milandu yogwirira inachuluka mpaka mu 2008 anakhazikitsa khoti lapadera la milandu imeneyi. Ku Mozambique nkhondo itatha mu 1992, mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane inayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, chifukwa mfuti zambiri zinali zidakali m'makomo mwa anthu.