Injini ikulira pa 100, koma giyabokosi ilibe vuto

Eni magalimoto akale a otomatiki, monga Peugeot 504 ndi Cortina, amabwera ndi dandaulo limodzimodzi: akafika pa 100 km pa ola mumsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, injini imalira pa 3,200 rpm (kuzungulira ka 3,200 pa mphindi), ndiye ati giya yomaliza yakana kulowa. Abale, inalowa kalekale. Magiyabokosi amenewa ali ndi magiya atatu basi, yachitatu ndi 1:1 (shafuti yopita ku matayala imazungulira pafupifupi mofanana ndi injini), ndipo alibe overdrive (giya yapamwamba yotsitsa rpm) kapena lock-up (kilatchi yoletsa kuterera pakati pa injini ndi giyabokosi).

Werengerani nokha. Tayala la 185R14 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2, choncho pa 100 km pa ola limazungulira ka 830 pa mphindi. Chulukitsani ndi difu ya 3.7 (shafuti imazungulira ka 3.7 kuti matayala azungulire kamodzi), mupeza 3,070. Onjezani 100 kapena 200 yoterera mu torque converter (chida cha oyilo cholumikiza injini ndi giyabokosi). Si 3,200 yanu ija? Galimotoyo inapangidwa choncho.

Chondikwiyitsa ndi amakaniko a pansi pa mtengo amene amamasula kebulo ya kickdown (yolumikiza akiseleta ndi giyabokosi) kuti magiya azisintha msanga, injini ikhale chete. Pa mabokosi ngati Borg-Warner 35, kebulo imeneyi ndi imene imakweza mphamvu ya oyilo yopanikiza makilatchi. Mukaimasula, makilatchi amagwira mofooka, amaterera, n’kupsa. Mwini wake amakondwa masabata angapo, kenako giyabokosi yonse pansi, zida zake zosowa ngakhale ku Limbe.

Ena amasintha difu n’kuika ya 3.07. Inde, injini imatsika kufika cha m’ma 2,700, koma spidomita imayamba kunama, ndipo pokwera ku Ku Chawe converter imaterera nthawi yaitali, oyilo n’kutentha. Matayala aakulu amachitanso zomwezo. Pachitunda chimenechi ikani giya pa 2, potsikanso pa 2 kapena 1. Kutsika pa D ndi kuwotcha mabuleki dala.

Vuto lenileni limaoneka chonchi: singano ya rpm imalumpha pakati pa kusintha giya galimoto osawonjezera liwiro, kapena D imachedwa kugwira m’mawa. Yesani oyilo wa giyabokosi (ATF) injini ikulira, itatentha, pa P, pamalo athyathyathya. Azikhala wofiira. Akakhala wakuda ndi wonunkha chopserera, galimoto iime lero lomwe, osati podikira malipiro a kutha kwa mwezi. Musathire mtundu uliwonse umene mwaupeza: bokosi lina limafuna Dexron, lina Type F, ndipo oyilo wa injini asayandikire m’menemo.