Holmes ndi maondo a thalauza

Ine ndakhala ndikuphunzitsa zolembalemba kwa zaka ndithu, ndipo mwana akandifunsa kuti nkhani yofufuza milandu imalukidwa bwanji ndimangomupatsa The Adventures of Sherlock Holmes, buku la nkhani zifupizifupi 12 la Arthur Conan Doyle lomwe linatuluka mu 1892. Nkhanizi zinayamba kutuluka imodziimodzi mu magazini ya Strand ku London mu 1891, ndiye iliyonse imathera pompo, olo sunawerenge ya mwezi watha palibe chakuphonya.

Tengani ya Red-Headed League. Jabez Wilson ali ndi kashopu ka pinyolo, ndiye apatsidwa ganyu yodabwitsa, kukopera pamanja Encyclopaedia Britannica kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, kumalandira mapaundi 4 pa sabata, chifukwa chake akuti tsitsi lake ndi lofiira basi. Patapita masabata 8 apeza ofesi yomwe ankagwirako ganyuyo atseka. Wilson apita kukadandaula kwa Sherlock Holmes, katswiri wofufuza milandu. Holmes afika kushopuko, amenya pansi ndi ndodo yake, agogoda ngati wofunsa njira, koma wantchito wa Wilson atatsegula, Holmes maso ali pa maondo a thalauza, nkhope alibe nayo ntchito kwenikweni. Mnyamatayu ankakumba una wopita kubanki yomwe inali kuseri, ganyu ija inali yongomuchotsa bwana wake pakhomo.

Chomwe chimandisangalatsa nchoti zambiri timauzidwa poyamba pomwe. Wilson anena yekha kuti wantchitoyu anavomera theka la malipiro, komanso kuti amakonda kutsikira kuchipinda chapansi eti kukatsuka zithunzi, ife tingomva nkupitirira ngati Watson, mnzake wa Holmes. Nchifukwa chake nkhanizi amafotokoza ndi Watson, munthu wanzeru ndithu, dokotala, koma amaona momwe timaonera ifeyo. Ndimangodandaula pa chinthu chimodzi, Doyle amatibisira kuti maondowo anali operepeseka ndi othimbirira mpaka kumapeto, pamenepo sanatichite bwino.

Luso loyang'ana tizinthu ting'onoting'ono Doyle analitenga kuchipatala. Anaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mphunzitsi wake Joseph Bell ankatha kunena ntchito ya wodwala pongomuona manja, zovala ndi kayendedwe asanatsegule nkukamwa komwe. M'kalasi ndimaimitsa nkhaniyi Holmes atangomenya ndodo pansi paja, ndiwafunse ana kuti akumvetsera chani, ndipo mkangano wake umatha periyodi yonse.