Batire la m'nyumba: madzi ake, katchajidwe kake

Chichitikireni chilala cha 2024, pamene madzi anatsika kwambiri ku Kariba ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola ambirimbiri pa tsiku, mabanja ochuluka muno mu Lusaka anagula batire loti lizithandiza usiku. Ine ntchito yanga ndi ya zamagetsi, ndipo zimandipweteka mtima munthu akachoka ku Matero kapena ku Chawama atasenza batire lomwe silinathe ndi chaka chomwe, koma lafa kale. Ndikaliyeza, nthawi zambiri ndimapeza kuti lafera madzi kapena katchajidwe.

Ndiyambe ndi madzi. Mzinda wathuwu unakhala pamwamba pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake ketulo yanu imachita zoyerayera pansi pake. Mchere womwewo ukalowa m'batire umaipitsa asidi ndi mapuleti a mtovu omwe ali m'katimo. Choncho madzi a pampopi ndi a pachitsime ayi, ngakhale owiritsa, pakuti kuwiritsa kumapha tizilombo koma mcherewo umatsala. Gulani madzi a batire enieni ogulitsidwa m'mabotolo. Asidi musawonjezere: chimene chimauma ndi madzi, asidi amakhala momwemo. Mapuleti akamaonekera, thirani pang'ono ongokwanira kuwamiza, mutchaje, kenako mudzaze mpaka pa mzere. Batire lomata, lopanda zitsekero, musalitsegule.

Chachiwiri n'chimene anthu ambiri sachidziwa. Batire la mavoliti 12 lili ndi zipinda 6. Likadzaza n'kupuma maola angapo, mita yoyezera mavoliti imawerenga 12.6 kapena kuposerako pang'ono. Ikawerenga 12.2, mphamvu yatha theka, ndipo pamenepo ndi pofunika kulekera. Mukamalikama mpaka mababu azime okha, n'kulisiya masiku lilibe mphamvu, pa mapuleti pamamera timiyala tolimba tomwe tchaja singatisungunulenso. Batire lotero limaoneka ngati ladzaza msanga, koma ola limodzi lokha latha. Magetsi akangobwera, litchajeni tsiku lomwelo. La galimoto lokha musalimange ku inverter (makina osandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba), linapangidwira kulizira injini basi.

Tchaja ikhale yolingana ndi batire. Gawani kukula kwa batire ndi 10: lolembedwa 100Ah lifuna ma amp 10 kapena kucheperapo. Tchaja yabwino imakwera mpaka cha pa mavoliti 14.4, kenako imatsika yokha kufika cha pa 13.6. Zotchipa zina sizidziwa kuleka, zimangowiritsa batire mpaka madzi kuuma, ndiye ngati yanu ndi yotero musagone nayo ili yoyaka. M'kutentha kwa Okutobala muzilikhudza m'mbali. Likatentha moti dzanja silikhazikika, zimitsani.

Tsopano za moyo wanu. Batire likamatchaja limatulutsa mpweya wa haidrojeni, wosaoneka, wosanunkha, koma wophulika ndi kamoto kochepetsetsa. Ndalowapo m'nyumba momwe batire lili kunsi kwa bedi, mbaula ya malasha ili poteropo, ana ali m'tulo. Chonde, makolo anzanga, liikeni pamalo popita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya. Pomanga, tchaja ikhale yozimitsa: chingwe chofiira pa +, chakuda pa −, kenako yatsani pakhoma. Pochotsa, yambani mwazimitsa pakhomapo, kuti pasathetheke moto pamwamba pa batire. Mphete ndi wotchi vulani.

Mitu ya batire ikachita zoyera ngati ufa, tsukani ndi madzi osungunulamo soda wophikira, zitsekero zili zotseka, mupukute, mupake girisi pang'ono. Asidi akakugwerani m'maso, sambani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala.

Likafa, musaliswe kapena kukhuthulira asidi wake m'ngalande. M'katimo muli mtovu, womwe uja ukudwalitsabe ana ku Kabwe ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994. Pokagula latsopano, tengani lakalelo mukalisiye kwa ogulitsa. Ambiri amalilandira, ndipo ena amakuchotseraniko mtengo.