N19 m'buku la kuchipatala si chigamulo cha imfa

Nkhani iyi yanditopetsa. Kwa zaka zambiri, kaya pamsika wa Bvumbwe kaya m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, anthu amati dokotala akalemba N19 m'buku, ndiye kuti impso zaferatu, wodwalayo angodikira tsiku.

Ayi ndithu. N19 ndi nambala chabe ya m'ndondomeko ya ICD-10, imene zipatala za m'mayiko ambiri zimalembera matenda. N17 ndi pamene impso zafooka mwadzidzidzi, monga chifukwa cha malungo aakulu kapena kutsegula m'mimba komaliza madzi m'thupi, ndipo ambiri amachira akathandizidwa msanga. N18 ndi vuto lokhalitsa, lopitirira miyezi 3. N19 imangotanthauza kuti impso sizikugwira bwino ntchito, koma sizinalembedwe kuti ndi mtundu uti mwa iwiriyi. Vuto lilipo, inde, koma nambalayo sinena kukula kwake.

Musafalitse zongomva, abale, mumangoopseza odwala. Tengani bukulo, funsani adokotala kuti magazi aonetsa creatinine (zinyalala za m'magazi zimene impso zimasefa) wochuluka bwanji, ndipo adzayezanso liti. Akayerekeza zotsatira ziwirizo m'pamene amaona ngati impso zikubwerera m'chimake.