Chifukwa chake phewa limaguluka msanga kuposa mfundo ya m'chiuno

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo pamene mafupa akumana timati pa mfundo. Ambiri akamva mawuwa amaganiza za bondo kapena chigongono, koma zilipo mfundo zina zosapindika n'komwe. Madokotala amazigawa m'magulu atatu poona chimene chalumikiza mafupawo.

M'gulu loyamba mafupa amamangidwa ndi timinofu tolimba ngati ulusi, monga a chigaza. Mwa khanda amakhala asanakumane bwino, n'chifukwa chake pamakhala liwombo kutsogolo ndi kumbuyo kwa mutu. Lakumbuyo limatsekeka pa miyezi iwiri kapena itatu, lakutsogolo nthawi zambiri pakati pa miyezi 12 ndi 18.

M'gulu lachiwiri mafupa amagwirana kudzera m'chichereŵechere ndipo amasuntha pang'ono chabe. Pakati pa mafupa a msana pali timaphilo 23 totere. Tsiku lonse timafinyika n'kutaya madzi, moti madzulo munthu amafupikirapo ndi sentimita imodzi kapena kuposa, kenaka usiku akagona timafufumanso. Mfundo ya kutsogolo kwa mafupa a chinena ilinso m'gululi, ndipo imamasukako mayi akakhala woyembekezera.

Gulu lachitatu ndi la mfundo zoyenda momasuka, ndipo pano m'pamene pali nkhani. Nsonga za mafupa zimakutidwa ndi chichereŵechere choterera, chimene pa bondo chimachindikala mamilimita awiri mpaka anayi. Mfundo yonse imakhala m'kathumba, ndipo khungu lam'kati mwa kathumbako limatulutsa madzi onanda ngati choyera cha dzira losaphika. Kunja kuli mitsempha yolimba yomanga fupa ku fupa linzake. Chichereŵecherechi chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'madzi aja, omwe amalowa ndi kutuluka mfundo ikamapanikizika ndi kumasuka. N'chifukwa chake chikavulala sichipola msanga, ndipo mfundo yokhalitsa osayenda imauma.

Mfundo zoyendazi zili mitundu isanu ndi umodzi potengera maonekedwe. Chigongono chimapinda ndi kutambasuka ngati chitseko. Fupa loyamba ndi lachiwiri la m'khosi zimazungulirana pa kamsomali ka fupa, ndipo pafupifupi theka la kucheuka kwa mutu limachitikira pomwepo. Tsinde la chala chachikulu cha dzanja lili ngati wokwera pa chishalo, ndiye chalacho chimatha kugunda nsonga za zala zinazo. Zina zimangotsetsereka, zina zimapendekera mbali zinayi osazungulira, monga pamene dzanja lakumana ndi mkono.

Phewa ndi mfundo ya m'chiuno n'zamtundu umodzi: mutu wa fupa wobulungira wolowa m'chibowo. Kusiyana kwake ndi kuya kwa chibowocho. M'chiuno n'chakuya, chimameza gawo lalikulu la mutu wa fupa la ntchafu, moti kuti liguluke pamafunika ngozi yaikulu ngati ya galimoto. Pa phewa ndi kambale kosaya, kogwira gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mutu wa fupa la mkono. Chotsalacho chimadalira minofu inayi yozungulira phewalo. Kwezani mkono muuzungulitse, kenaka yesani chimodzimodzi ndi mwendo, muona phindu la kambale kosayako. Koma kugwa mkono uli m'mwamba chakumbuyo n'kokwanira kutulutsa fupalo, ndipo kawirikawiri limatulukira kutsogolo. Chizolowezi cholikoka kuti libwerere osaunika kaye n'choopsa, chifukwa mwina fupa lathyokanso kapena mtsempha wa mkono wapanikizika.

Kubinya ndi kwina. Fupa limakhala m'malo mwake, koma mitsempha yomanga mfundo yakokeka kapena kung'ambika, makamaka ya kunja kwa kakolo phazi likapindikira m'kati. Nyamakazi yofala mwa achikulire imabwera chichereŵechere chikaperepeseka, ndipo imakonda mawondo, m'chiuno ndi zala. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, n'kufiira, munthu akulephera kuisuntha, makamaka ngati thupi latenthanso, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mafinya akalowa m'kathumba kaja amatha kuwononga chichereŵechere m'masiku ochepa.