Mwasaina kale, ndiye mukufuna nditsutse chiyani?

Pafupifupi sabata iliyonse ku ofesi kwanga kumabwera munthu atagwira risiti yopindapinda, mtima uli m'mwamba. "A loya, anandigwira pa Great East Road akuti ndimathamanga, koma bodza. Ndalipira kuti andisiye, tsopano tiwasumire." Ndikafunsa kuti pepala lomwe anasainalo analiwerenga, yankho ndi limodzimodzi: anali pa changu.

Pepala limenelo, la Admission of Guilt, si chiphaso chodutsira pa rodibuloko. Ndi kuvomera mlandu. Limachokera m'gawo 221 la Criminal Procedure Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu muno m'Zambia, ndipo likafika kwa majisitireti limakhala ngati mwaima nokha m'khoti n'kunena kuti ndinalakwa. Kakhomo kobwerera kalipo, koma n'kakang'ono: kulembera kalaliki wa khoti kuti mukubweza kuvomerako tsiku la mlandu lisanafike. Ambiri amandipeza tsikulo litadutsa kalekale.

Ngati munathamangadi, lipirani, tengani risiti ya boma, pitani. Osanditayitsa nthawi. Koma ngati mukukana, kanani mwaulemu pomwepo, nenani kuti mukufuna nkhani ipite kukhoti. Gawo 18 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Wobweretsa umboni ndi boma, osati inu.

Umboni wake wotani? Wapolisi kapena ofisala wa RTSA (bungwe la boma loona za chitetezo pamsewu) amene anagwira makina oyezera liwiro ayenera kufotokoza yekha, ndipo inu muli ndi ufulu womufunsa mafunso. Anaima pati? Pamseu panali galimoto zingati nthawi imeneyo, ndipo akudziwa bwanji kuti nambala yomwe inaoneka pamakinapo ndi ya galimoto yanu, osati ya basi imene imakupitirirani? Makinawo anayesedwa liti? Zoyezera zotere zimatsimikizidwa ndi a Zambia Metrology Agency, bungwe la boma loona za miyezo, ndiye kufunsa setifiketi yake si mwano. Ngati ndi kamera, chithunzi chionetse nambala ya galimoto, tsiku, nthawi ndi malo. Inunso jambulani pafoni malowo tsiku lomwelo, makamaka ngati chikwangwani cha liwiro chinagwa kapena chabisika m'mitengo. Mukadikira mwezi mukapeza achidzutsa.

Zoti "aliyense amathamanga pa Kafue Road" kapena "ndimathamangira maliro" si chitetezo. Mawu amenewo ndi kuvomera komwe, kungoti mwakukometsa.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandiwawabe. Woyendetsa takisi wa ku Chawama, wa ana anayi. Iye anachita bwino poyamba: anakana kusaina, anapatsidwa tsiku la khoti, ndipo mlandu wake unali wopambanika, chifukwa galimoto ziwiri zinadutsa limodzi. Kunja kwa khoti anakumana ndi mnyamata wa jekete ndi chikwama, wodzitcha "agent", amene anamuuza kuti, "Mdala, musavutike, ndili ndi anthu mkatimu. Ndipatseni kangachepe, fayelo isowa." Anapereka ndalama yoposa faindi yeniyeniyo, nabwerera kuntchito. Fayelo sinasowe. Dzina lake linaitanidwa, iye kulibe, majisitireti anatulutsa waranti. Anadzagwidwa miyezi ingapo pambuyo pake, pasenjala ali m'galimoto, ndipo mwini galimoto anamulanda makiyi sabata yomweyo. Atabwera kwa ine ananditulutsira nambala ya foni ya mnyamata uja, yolembedwa kuseri kwa katoni ya sopo. Inali yozima.

Anthu amenewa si maloya. Loya weniweni ali m'kaundula wa Law Association of Zambia, ndipo sakwiya mukamufunsa setifiketi ya chaka chino. Ngati ndalama palibe, yambani mwafunsa ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osowa ndalama za loya. Wina akakupemphani ya m'thumba, kaya pamseu kaya pakhomo la khoti, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Commission, koma dziwani kuti wopereka nayenso ali ndi mlandu.

Ndipo khoti la majisitireti likakupezani wolakwa inu osakhutira, apilo ku High Court ili ndi masiku 14 okha. Owerenga masikuwo sadikira kuti mulandire malipiro a mwezi.